Mpweyawo Wapita Kuti?

Anthu akamati galimoto sikukoka, kodi chimene chaleka kukoka n'chiyani? Mafuta alimo, matayala ndi opopa, injini ikulira monga mwa masiku onse, woyendetsa ndi yemweyo. Pachidikha ikuuluka. Ingoona chitunda, basi yayamba kukwawa, njinga za kabaza n'kumaipitirira zitanyamula anthu awiriawiri. Aliyense amene ndinkamufunsa kuno ku Malomo ankandipatsa yankho limodzi: yatha mphamvu. Chabwino, koma mphamvuyo yathera pati? Ngati yathadi, bwanji pachidikha ilipo?

Galimoto imene yandifunsitsa zonsezi ndi ya alamu anga. Ndi kagalimoto kakang'ono kochokera ku Japan, kamene kanatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe monga amachitira ambiri. Alamu amanyamula anthu pa msewu wa Kasungu kupita ku Nkhotakota. Kutsikira kunyanja kulibe mlandu. Mlandu uli pobwerera, msewu ukayamba kukwera mkati mwa nkhalango ya Nkhotakota, galimoto itadzaza anthu, mpunga ndi nsomba. Chisamutsireni njovu pafupifupi 500 m'nkhalangomo kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, amenewo si malo oti munthu n'kuimapo kuti atsegule boneti mwachifatse. Kufooka kwa kagalimotoka kunatisowetsa tulo tonse, pakuti fizi ya ana a mlongo wanga imachokera momwemo.

Makaniko woyamba anatsegula boneti nauza alamu kuti aponde moto galimoto ili chiimire. Anatchera khutu, napukusa mutu.

"Supercharger yafa iyi, bwana. Kapezeni ina ku Lilongwe."

Mtengo umene anatchula unali woti munthu agulitse soya yense wa chaka chino. Ndinamufunsa kuti wadziwa bwanji. Anati sikulira. Ndinafunsanso ngati yamoyo imalira nthawi zonse, ngakhale galimoto itaima. Anangotseka boneti.

Funso lomwelo ndinapita nalo kwa madala ena amene kale ankakonza malole a m'maesiteti a fodya ku Kasungu. Asanayankhe, iwo anayamba kundifunsa ine.

"Aphunzitsi, injini imadya chiyani?"

"Petulo, bambo."

"Petulo ndi ndiwo chabe. Chambiri ndi mpweya."

Zoonadi, kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwino pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Lita imodzi yokha ya petulo imafuna mpweya wokwana malita pafupifupi 9,000. Nanga bwanji tonse timangokamba za mafuta? Ndikuganiza kuti n'chifukwa choti mafuta timagula, timawafolera pamzere, timawerenga dontho lililonse, pamene mpweya umangobwera wokha. Galimoto ili ndi geji ya mafuta pamaso pa dalaivala, koma zambiri zilibe geji yosonyeza mpweya umene ukulowa.

Injini wamba imakoka yokha mpweya. Yaing'ono imakoka wochepa, choncho imawotcha petulo wochepa, mphamvu yakenso n'kukhala yochepa. Supercharger ndi pampu yokankhira mpweya wowonjezera m'injinimo kuti kainjini kakang'ono kagwire ntchito ya yaikulu. Agogo athu osula makasu ankadziwa kuti makala paokha safewetsa chitsulo, pamafunika mvukuto. Ndinadabwa kumva kuti makina amenewa anayambira kung'anjo komweko. Abale awiri, Philander ndi Francis Roots a ku Connersville m'chigawo cha Indiana ku America, analembetsa pampu yawo mu 1860, ndipo ntchito yake inali kupemerera ng'anjo zosungunulira zitsulo. Patapita zaka zambiri, mu 1921, kampani yopanga Mercedes inaonetsa ku Berlin magalimoto okhala ndi pampu yamtunduwu. Mabenzi akale amene mumawaona olembedwa Kompressor kumbuyo ndi zidzukulu zake: C200 ya injini ya malita 1.8 imatulutsa mahosipawa 163. Palinso Nissan Note ya kuyambira 2012, imene ina ili ndi supercharger, ina ilibe. Zonse ndi za malita 1.2 ndi masilinda atatu, koma yopanda pampu imapereka mahosipawa 79, yapampu 98. Kusiyana kumeneko ndi kumene munthu amakumva pachitunda.

Ndinawafunsa madala aja ngati pampu imeneyi ndiyo turbo ija imene amaitchula madalaivala a malole. Ayi, ntchito ndi imodzi koma zoyendetsa n'zosiyana. Turbo imazunguzidwa ndi utsi wotuluka ku ekizozi. Supercharger imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini yomweyo. Mkati mwake muli zitsulo ziwiri zopotana zimene zimazungulira moyang'anana popanda kukhudzana, mpata wake sukwana n'komwe milimita imodzi, ndipo zimatapa mpweya mbali iyi n'kuukhuthulira mbali inayo. Pulesha yowonjezera imene imabadwa pamenepo amakaniko amaitcha boost.

Apa m'pamene panali funso langa lenileni. Ngati lamba amazungulira nthawi zonse injini ikalira, ndiye kuti pampuyo imakankha nthawi zonse. Nanga makaniko uja analakwa chiyani pomvetsera galimoto itaima?

Madala aja anaseka pang'ono, nandilozera kachitsulo kena pambali pa pampu ya galimoto ya alamu. Imeneyo ndi valavu yolambalala. Munthu ukamayenda mosaponda kwambiri, injini sifuna mpweya wowonjezera, choncho valavuyo imatseguka, mpweya n'kumangozungulira osapanikizika. Amatero kuti mafuta asamangopita pachabe, pakuti kupopa nakonso kumadya mphamvu ya injini. Ukaponda mpaka pansi galimoto ikulemedwa, valavu imatseka, pulesha n'kukwera. Magalimoto ena amachita kuposa apo: pa pule ya pampu pali kilachi yamagetsi imene kompyuta imaimasula ukamayenda pang'onopang'ono, moti lamba amazungulira koma pampu ili duu. Ndiye galimoto itaima pagalaja, popanda katundu, popanda chitunda, ngakhale supercharger yatsopano imene yangochoka m'katoni singasonyeze mphamvu zake.

Ngati zili choncho, munthu angadziwe bwanji? Yankho lake linali m'kabokosi kamalata: geji yakale yagalasi losweka pakona, ndi kapaipi karabala kaatali. Madala analumikiza kapaipiko pomwe mpweya umalowera m'injini utadutsa kale pampu, nakadutsitsa pansi pa boneti mpaka pawindo. Geji anandipatsa ine kuti ndigwire. Tinalowera njira yopita ku boma la Ntchisi kukafuna chitunda chabwino, titakweza anyamata awiri kumbuyo kuti galimoto ilemere.

Poyenda pang'onopang'ono singano inali pansi pa ziro, kusonyeza kuti injini ikuchita kukoka mpweya. "Pondani mpaka pansi, musachite chifundo," anatero madala. Alamu anaponda. Singano inalumpha kufika pa ziro, inapitirira pang'ono, n'kuima pamenepo ikunjenjemera, cha pa theka la pomwe buku la galimotoyo limanena. Nthawi yomweyo tinamva kuti fwii kuchokera kutsogolo, kaphokoso kamene alamu anavomera kuti akhala akukamva koma ankayesa ndi mphepo ya pawindo.

Ndinafunsa chimene singanoyo yanena, poti ine ndinangoona kuti yaima panjira. Apa madala anafotokoza mwachifatse, ndipo ndi gawo limene ndinalikonda koposa. Kuti pulesha ndi yochepa n'chiyambi chabe. Mayendedwe a singano ndiwo amaloza komwe kuli vuto. Ikafika pa ziro n'kukanirira pomwepo ngakhale uponde chotani, ndiye kuti pampu sikukankha n'komwe: mwina kilachi ija sikugwira chifukwa cha fyuzi kapena waya woduka, mwina valavu yolambalala yakanirira chitsegukire. Valavu zakale zimayendetsedwa ndi kapaipi kakang'ono karabala, ndipo kakang'ambika valavu simveranso. Zatsopano zili ndi kamota kamagetsi kamene nako kamatopa. Singano ikakwera bwinobwino poyamba, kenako n'kumagwa injini ikafika pothamanga kwambiri, yang'anani lamba, akuterereka. Kapena fyuluta yatsekeka moti mpweya wolowa ukuperewera. Koma ikamakwera theka lokha nthawi zonse, pali kaphokoso ka fwii, ndiye kuti pampu ikupopa ndithu, koma mpweyawo ukuthawira panja usanafike kumene ukufunika.

Nanga kompyuta ija amati amaika galimoto? Bwanji osangoifunsa? Mnyamata wa madalawo ali nako kachipangizo kolumikiza pa soketi ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero, n'kumawerenga pa foni. Kanatulutsa nambala P0299. Ndinayembekeza kuti nambalayo itchula chimene chawonongeka. Tanthauzo lake ndi lakuti pulesha ya turbo kapena supercharger yachepera pa mlingo, basi. Yangobwereza zimene dalaivala wanena kale pofika. Sinena kuti gulani pampu ina. Kodi ndi angati amene anagula pampu chifukwa cha nambala imeneyi?

Kufunafuna pothawira mpweya kunali kosavuta moti ndinadabwa kuti sitinayambire pamenepo. Anazimitsa injini, pakuti pafupi ndi lamba woyenda sipofikitsa zala. Anachotsa paipi yochokera ku fyuluta, natseka pakamwa pake ndi chivindikiro chimene anachiboola n'kuikamo valavu ya tayala. Ndi pampu ya njinga anapopa pang'ono chabe, osapitirira pulesha imene mapaipiwo amanyamula masiku onse. Kenako anasungunula sopo wa ufa m'kabotolo n'kumawaza polumikizira paliponse. Pamwamba panalibe kanthu. Anagona chagada pa thumba, nawaza paipi yaikulu yarabala yopita ku kachipangizo koziziritsa mpweya kamene kali kutsogolo, pafupi ndi radiyeta. Kunsi kwake, m'mphepete mwa kilampu, thovu linayamba kufufuma, lina pamwamba pa linzake. Atapinda paipiyo ndi chala, mng'alu unayasama, wautali ngati theka la chala. Ukaisiya umatsekeka osaoneka n'komwe. N'chifukwa chake pachidikha galimoto inkayenda bwino: popanda pulesha mng'aluwo umakhala wotseka, pulesha ikabwera m'pamene umatseguka.

Zinamvekanso chifukwa chimene mafuta ankathera msanga, chinthu chimene alamu ankadandaula nacho padera osadziwa kuti ndi nkhani imodzi. Pa magalimoto amene amayeza mpweya polowera, kompyuta imathira petulo wolingana ndi mpweya umene sensa yawerenga. Wina ukathawa panjira, petulo amachuluka kuposa mpweya umene wafika, ndipo wotsalayo amangotuluka ngati utsi wakuda.

Madala sanalekere pomwepo. Anandiuza kuti ndikhudze lamba kunsi. Anali wosalala, wonyezimira, ndipo kuzungulira pule kunali kafumbi kakuda konga mwaye. Kameneko ndi lambayo akudyeka. Lamba wotere sachita kuduka kuti akuvutitse. Amangoterereka pa nthawi imene pampu ikufuna mphamvu zambiri. Nthawi zina wolakwa sakhala lamba koma chomukungira chimene sipuling'i yake yafooka, kapena oyilo amene akudontha kuchokera pamwamba. Kusintha lamba osatseka podontha oyilo n'kutaya ndalama.

Fyuluta ya mpweya nayo inali yofiira ndi fumbi la misewu yathu. Aliyense amene wayendapo njira za kumidzi kuno mu Sepitembala ndi Okutobala akudziwa mmene fumbi limakhalira. Ndinafunsa kuti bwanji osangoiguguda pa tayala n'kuipemerera ndi kompuresa, monga ndimaonera pamagalaja onse. Anati kuguguda pang'ono kulibe vuto, koma mpweya wamphamvu umaboola pepala la fyuluta timabowo tosaoneka. Fyuluta yotsekeka imangofooketsa galimoto. Yobooka imalowetsa mchenga m'pampu, ndipo mchengawo umapala zitsulo ziwiri zija mpaka mpata wake kukula. Pamenepo ndiye supercharger imafadi. Imafanso oyilo wake akatha, pakuti zambiri zili ndi kankhokwe kawokawo ka oyilo wa magiya ake, kosiyana ndi ka injini, kamene eni magalimoto ambiri sadziwa n'komwe kuti kaliko. Koma yakufa imadzinenera yokha: imakhuluza, imagogoda ngati muli timiyala, ndipo ukachotsa lamba n'kugwedeza pule ndi dzanja umamva kuti yaweyeseka. Ya alamu inkazungulira mosalala, mwakachetechete.

Apa pali chimene sindikuchimvetsa mpaka lero, ndipo chimandipweteka. Alamu akanagulitsa soya uja n'kugula pampu ina, ikanamangidwa pa paipi yong'ambika yomweyo, n'kuyendetsedwa ndi lamba woterereka yemweyo. Galimoto ikanafookabe. Kenako akanauzidwa kuti agula yakufa, kapena kuti injini yonse yatha. Nanga yathu yabwinobwino ija ikanapita kuti? Bwanji chinthu chikavuta timayamba kuloza chodula kwambiri, pamene sopo ndi madzi zili pomwepo? Sindikunena kuti amakaniko athu ndi akuba. Ambiri anaphunzira ntchito pa injini zopanda pampu, kwa amisiri amene ankadalira khutu, ndipo khutulo linkawathandiza. Magalimoto asintha, zida za pagalaja sizinasinthe. Koma geji ya pulesha si chida chodula, ndipo amene amalipira kusayeza ndi mwini galimoto.

Ndinafunsanso ngati galimoto ingafooke pulesha ili bwinobwino. Anati kwambiri, ndipo anawonjezera chinthu chimene chinandizunguza mutu: ekizozi ikatsekeka, geji ya supercharger ikhoza kusonyeza pulesha yokwera kuposa kale, galimoto ili yofooka. Zingatheke bwanji? Zimatheka chifukwa pulesha imakwera pamene mpweya ukukanika kudutsa. Pampu ikukankha mlingo womwewo, koma utsi sukutuluka bwino, choncho mpweya umaunjikana pakhomo. Ndiye singano yokwera siitanthauza mphamvu nthawi zonse. Palinso nkhani ya mafuta. M'zaka zaposachedwazi, petulo akasowa pamafilingi siteshoni, ambiri tathirapo wa m'zigubu wosadziwika komwe wachokera ndi zimene wasakanizidwa nazo. Injini yapampu imafuna petulo wabwino. Woipa amaphulika nthawi isanakwane, sensa imamva kugogoda, kompyuta n'kuchepetsa mphamvu dala pofuna kuteteza injini, ndipo pa magalimoto ena imatsegula valavu yolambalala ija. Dalaivala amati pampu yafa, pamene kompyuta ndiyo yaigwira dzanja.

Paipi, lamba ndi fyuluta zitasinthidwa, tinabwerera pachitunda chomwe chija. Galimoto inakwera mosadandaula, fwii uja atatheratu. Koma singano inaima pang'ono pansi pa nambala ya m'buku. Ndinafunsa ngati patsala pena pothawira.

"Ayi, aphunzitsi. Bukulo analilembera kunyanja yamchere. Ife tili pamwamba."

Kodi mpweya wa ku Malomo ndi wosiyana ndi wa ku Dar es Salaam? Ndi womwewo, koma ndi wopepuka. M'mphepete mwa nyanja yamchere mpweya umatipanikiza ndi mphamvu ya makilopasiko 101. Ku Nkhotakota, kumene nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475, amakhala cha m'ma 96. Kuno kumtunda, kopitirira mamita 1,000, satha kupyola 90. Pamwamba pa phiri la Ntchisi, pafupifupi mamita 1,700, amatsika kufika cha m'ma 83. Supercharger siwonjezera mlingo wokhazikika. Imachulukitsa umene yaupeza. Tiyerekeze pampu yochulukitsa kamodzi ndi theka. Ku Dar es Salaam geji isonyeza kuti yawonjezera 50, ku Nkhotakota 48, kuno 45, paphiri paja 41 kapena 42. Palibe chawonongeka. Turbo imatha kubwezako zina mwa zotayikazi pozungulira mofulumira, koma supercharger yamangidwa ndi lamba, singathamange kuposa mmene injini ikuiyendetsera. Ndiye galimoto yochoka kunyanja kukwera kuno imakumana ndi ziwiri nthawi imodzi: msewu ukukwera, mpweya ukupepuka. Dzuwa la mu Okutobala likawonjezera kutentha, mpweyawo umapepukirapo.

Ngati zili choncho, ndinafunsa, munthu angasiyanitse bwanji kuchepa kwa kumtunda ndi sensa yonama? Pakuti madala anali atanena kuti nthawi zina pulesha imakhala ilipo, koma sensa yodetsedwa ndi oyilo imauza kompyuta zabodza. Anaitana mnyamata wawo kuti alumikizenso kachipangizo kaja. Anati atembenuze kiyi koma asalize injini. Injini ikakhala chete, mkati mwake mumakhala mpweya wofanana ndi wapanja, choncho sensa iyenera kuwerenga mpweya wa malo amene mwaimawo. Foni inasonyeza nambala yosakwana 90 pang'ono. Mnyamatayo anayang'ana abambo ake ngati wapeza vuto lina, poti iye anazolowera 101 ya m'mabuku. Madala anamuuza kuti kuno imeneyo ndiyo yoona. Ikanati isonyeze 101 tili pa Malomo, kapena 70, ndiye akanaichotsa sensayo n'kuitsuka. Anamuuzanso kuti ailembe pakhoma la galaja ndi choko, ndipo tsiku limene adzapite ndi alamu ku Nkhotakota akawerengenso ali m'mphepete mwa nyanja, adzalembe yakumeneko pambali pake.